Badanga wa ku Ndzuani ndi mwini munda

Adzukulu anga, inu amene mwayamba kukonda za nkhalango ndi mbalame, ena muli ku Bunda, ena ku Mzuzu, ena mwangoyambitsa kagulu ka zachilengedwe pasukulu panu, sendererani kuno ndikuuzeni za kadzidzi wina wakutali. Kwathu kuno kulibe. Padziko lonse lapansi amapezeka pachilumba chimodzi chokha, cha Ndzuani, chimene mapu ambiri amalemba kuti Anjouan. Ndi chimodzi mwa zilumba za Comoro, m'nyanja yamchere pakati pa kumpoto kwa Mozambique ndi Madagascar. Eni chilumbacho amamutcha badanga. N'kakadzidzi kakang'ono, kotalika masentimita 20 kapena kupitirira pang'ono, tina takuda motuwira, tina tofiirira. Salira ndi mawu aakulu aja amene amakuthawitsirani m'nyumba usiku. Iye amaimba likhweru lalitali, lobwerezabwereza, kuchokera m'mitengo ya m'mapiri.

Ndaona kale nkhope zina zachita tsinya. Kadzidzi? Mbalame ya afiti ija? Tonse tinakula tikumva kuti akalira padenga ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro, ndipo amayi ankatuluka ndi chikuni chamoto kukam'genda. Sindikunyoza makolo athu ayi, koma taganizirani. Kadzidzi amalira usiku uliwonse ife tili mtulo. Usiku umene timamumva ndi uja tachezera kudwazika matenda, makutu ali tcheru, mtima uli m'mwamba. Wodwalayo akatisiya timakumbukira kulira kuja, akachira timaiwala. Chimene chimam'bweretsa padenga ndi makoswe a m'nkhokwe. Apa ndangodutsapo, chifukwa munthu woopa mbalame sangachezere m'nkhalango kuimvetsera, pamene ntchito imene mukuifunayi ndi yausiku.

M'mabuku, nkhani ya badanga inayamba ndi Mfalansa wina, Léon Humblot, amene pakati pa 1884 ndi 1886 anasonkhanitsa akadzidzi amenewa oposa 30 n'kutumiza zikopa zawo ku Ulaya. Mu 1889 Mngelezi wina, John Henry Gurney, anawalemba ngati mtundu paokha, umene lero akatswiri amautcha Otus capnodes. Kenako zii. Zaka zinapita, ofufuza ankafika pachilumbapo n'kubwerera chimanjamanja.

Ulendo umene ukutikhudza ife ndi wa 1958. Chaka chimenecho bungwe la akatswiri a mbalame la ku Britain, British Ornithologists' Union, linakwanitsa zaka 100, ndipo pokondwerera linatumiza gulu kukafufuza mbalame za ku Comoro. Wotsogolera anali Constantine Benson, amene anagwira ntchito m'boma la atsamunda kuno ku Nyasaland zaka pafupifupi 20 kuyambira 1932, yemwenso pambuyo pake analemba ndi mkazi wake buku lija la The Birds of Malawi. Koma makutu a ulendowo anali a Jali Makawa, Mlomwe wobadwira ku Mozambique amene anadzakhazikika kuno kwathu. Iwowa anayamba ngati wantchito wapakhomo kwa Benson, ku yunivesite sanapondeko, koma anatchuka pakati pa akatswiri chifukwa cha maso awo ndi luso lawo loyerekeza kulira kwa mbalame. Mu 1964, ku Mayau kumpoto chakumadzulo kwa Zambia, anagwira kambalame kamene mabuku anali asanakalembepo, ndipo kufikira lero ndi kokhako kamene kanagwidwapo. Kanatchedwa Pogoniulus makawai, potengera dzina lawo. Dzina limeneli mulisunge, poti m'masukulu mwathu silimveka.

Ulendo wa 1958 unabala zipatso ndithu. Paphiri la Karthala, pachilumba chachikulu cha Ngazidja, anapeza kadzidzi wina wosadziwika, ndipo Benson anamulemba mu 1960 ndi dzina lakuti Otus pauliani. Koma atafika pa Ndzuani, badanga anawazemba. Katswiri amene anathera moyo wake pa mbalame za mu Africa, limodzi ndi munthu wa makutu akuthwa ngati a Makawa, anabwerera osamuona. Kuyambira pamenepo ambiri anayamba kunong'ona kuti mwina mbalameyi inatha. Panafika June 1992 kuti Roger Safford amupeze m'kachigawo ka nkhalango kotsala pafupi ndi mudzi wa Lingoni. Kuwerenga kuchokera 1886, zinali zaka 106.

Tsono ndikufunseni: zaka 106 zimenezo, badanga anasowa kwa yani? Anthu a m'midzi ya m'mapiri anali nalo dzina lake. Safford yemweyo, polemba zimene zikuopseza mbalameyi, anatchula kudula nkhalango komanso kuigwira kuti ikhale ndiwo. Munthu sadya chinthu chimene chinatha. Inasowa m'mabuku a ku London ndi ku Paris, pamene m'mapiri a Ndzuani inkalira usiku uliwonse ndipo nthawi zina inkalowa mumphika. Mlendo, angakhale wanzeru chotani, amakhala ndi masabata owerengeka, amayenda m'njira zimene miyendo yake ingathe, amagona kumene kuli pogona. Ngakhale a Makawa pa Ndzuani anali mlendo. Mwini phiri amakhala pomwepo dzinja ndi chilimwe, amadziwa chigwa chimene chimalira usiku ndi chimene chili chete.

Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Inu mukadzapita kumalo achilendo ndi makina anu ojambulira mawu ndi GPS, tsiku loyamba musadzalowe m'nkhalango. Kakhaleni pabwalo, kaonekereni kwa mfumu, mudziwike kuti ndinu ana a yani ndipo mwadzera chiyani. Funsani alenje, otola nkhuni, ocheka matabwa, anyamata oweta mbuzi. Musawaonetse chithunzi cha m'buku n'kufunsa ngati anachionapo, chifukwa munthu waulemu adzavomera pofuna kuti mlendo asachite manyazi. Afunseni kuti kumtunda uko usiku kumalira chiyani, aliyense ayerekeze yekha, inu muzingomvetsera. Wina akatchula dzina limene silili m'buku lanu, musathamangire kumukonza, lembani dzinalo. Ndipo podzalemba lipoti, amene anakulozerani njira alembedwe poonekera, osati kumapeto m'timalemba ting'onoting'ono timene palibe amawerenga.

Ndisanaiwale, chilumba cha Ndzuani chili ndi mbiri ndi nyanja yathu. Angelezi akale ankachitcha Johanna. Paulendo wake womaliza David Livingstone analemba ntchito amtengatenga ochokera kumeneko, mtsogoleri wawo Musa. Mu 1866 anam'thawa chakumwera kwa nyanja ya Malawi n'kukafalitsa ku Zanzibar kuti waphedwa. Chaka chotsatira Edward Young anakwera Shire ndi boti kudzafufuza, ndipo anthu a m'mbali mwa nyanja ndi amene anamuuza kuti mzunguyo anadutsa wamoyo. Uthenga wa maliro ukachokera kutali, muziyamba mwafunsa apafupi.

Tibwere pa kawerengedwe. Safford atam'peza, anayerekeza kuti kwatsala mabanja pakati pa 100 ndi 200, ndipo pamndandanda wa bungwe loona za chilengedwe la IUCN badanga anaikidwa m'gulu la zamoyo zotsala pang'ono kutheratu. Mu 2010 ndi 2011 kunachitika kalembera woyamba wa chilumba chonse. Ofufuza ankayenda usiku, kuima pamalo osankhidwiratu, kumvetsera ndi kulemba, nyengo yamvula ndi yadzuwa yomwe. Chiwerengero chinatuluka pakati pa 3,500 ndi 5,500, ndipo pambuyo pake mbalameyi inatsitsidwa kupita m'gulu lotsatira, la zoopsezedwa. Wosamvetsa angaombe m'manja kuti akadzidzi aswana kakhumi. Pepani. Pa zaka 18 zimenezo nkhalango inali kuchepa chaka ndi chaka. Chimene chinakula ndi kawerengedwe: achiwiriwa anali ndi nthawi, anafika m'zigwa zambiri, ndipo anapeza kuti badanga amakhalanso m'nkhalango yowonongeka, bola mitengo ikuluikulu ikhale idakaima.

Choncho nambala iliyonse imene mwapeza muziinena limodzi ndi njira imene mwaipezera: munayenda pati, nyengo yanji, ndipo ndi pati pamene simunafike. Palinso yesero limene mudzakumana nalo, ndikuchenjezeretu. Ndalama za opereka thandizo zimathamangira kumene kuli kulira kwambiri. Mbalame yotsala 200 imaitana ndalama kuposa yotsala 5,000. Amene anawerenga badanga anatulutsa nambala yaikuluyo poyera, ngakhale inachotsa mbalame yawo pampando wakutsogolo. Inunso mudzatero. Mukadzachepetsa nambala kamodzi kuti ntchito yanu ipitirire, tsiku limene mudzafuule zoona kuti kanthu kakutha, anthu adzangoyang'anana.

Komatu 5,000 pachilumba chimodzi si chuma chogonera tulo. Ndzuani ndi kachilumba ka masikweya kilomita 424, kochepa kuposa boma la Chiradzulu, ndipo pamenepo pamakhala anthu oposa 300,000, kutanthauza oposa 700 pa sikweya kilomita imodzi. Malo ambiri ndi otsetsereka. Phiri lalitali, Ntringui, limafika mamita 1,595. M'nthawi ya atsamunda malo abwino akumunsi anatengedwa ndi makampani a minda ikuluikulu, yotchuka mwa iwo Société Comores Bambao, ndipo ankalimamo nzimbe, khonje ndi maluwa a mafuta onunkhira. Anthu wamba anakankhidwira kumapiri. Inu a ku Thyolo ndi ku Mulanje nkhani imeneyi simufuna womasulira. Dziko la Comoro linalandira ufulu mu 1975, koma anthu anali atachuluka kale, ndipo munda umodzi ukagawidwa kwa ana, kenako kwa adzukulu, wotsiriza amayang'ana kumtunda.

Nkhalango ya kumeneko siitha ndi moto umodzi waukulu woti aliyense auone. Mlimi amalowa pansi pa mitengo, amasosa, amabzala nthochi ndi koko. Mukaima patali mumaona phiri lobiriwira, n'kumati nkhalango ilipo. Lowanimo muone. Pansi palibe mphukira, chifukwa kamtengo kalikonse kakamera kamagwa ndi khasu popalira. Mitengo ikuluikulu imachoka umodziumodzi, uwu wamatabwa, uwo wankhuni, winawo chifukwa ukuchita mthunzi pa nthochi, ndipo wolowa m'malo palibe. Pomaliza pamabwera chinangwa ndi mitengo ya clove. A bungwe la Dahari, limene limagwira ntchito pachilumbapo, amati pakati pa 1995 ndi 2014 Ndzuani inataya magawo 80 pa 100 a nkhalango yake yachilengedwe. Yotsalayo ili m'maphompho momwe munthu sangaime ndi khasu.

Akadzidzi ang'onoang'ono a mtundu umenewu samanga zisa. Amaikira m'mphako, masana amabisala m'masamba owirira, usiku amasaka tizilombo. Tsono mphako siibwera pamtengo wanthete. Nthambi ithyoke, pabalapo palowe madzi, pawole pang'onopang'ono zaka zambirimbiri, ndipo pamenepo mbalame yapeza nyumba. Mtengo umene wocheka matabwa amauona kuti wakhwima ndi womwewo umene kadzidzi wakhala akuudikira. Mphako zochepa zotsalazo amalimbirananso ndi alendo amene anabwera ndi anthu: makoswe amene anatsika m'zombo, odziwa kukwera mitengo ndi kudya mazira, ndiponso mbalame yaukali yotchedwa myna, yochokera ku India, imene nayo imaikira m'mphako.

Mlimi wa ku Ndzuani mukakayamba ndi nkhani ya kadzidzi adzakumverani mwaulemu, mukachoka n'kunola chikwanje. Yambani ndi madzi. Pamwamba pa mapiri a chilumbachi pamakuta nkhungu kawirikawiri. Masamba ndi ndere za pamitengo zimakola chinyezicho n'kuchidonthezera pansi, nthaka ya m'nkhalango n'kuchisunga, akasupe n'kumachitulutsa pang'onopang'ono chaka chonse. Mitengo ikachoka, mvula imathamangira kunyanja tsiku lomwelo itasenza dothi, n'kukakwirira matanthwe a m'madzi momwe nsomba zimaswana. Pa mitsinje pafupifupi 50 imene kale inkayenda chaka chonse, a Dahari amati 40 tsopano imaphwa nyengo yadzuwa. Mayi amene amalawirira ndi zigubu safuna lipoti kuti adziwe zimenezi. Akhoza kukutchulirani mtsinje umene ankasambamo ali mtsikana, lero muli miyala yokhayokha. Kumene badanga amagona ndi komwe madziwo amachokera. Inu mukufuna mitengoyo chifukwa cha mbalame, iye akuifuna chifukwa cha mtsuko, ndipo palibe chifukwa choti mumukakamize kukonda mbalame yanu musanagwirizane za mitengo.

Ndiye pali moto wa mafuta onunkhira. Comoro ndi limodzi mwa mayiko otsogola padziko lonse pa mafuta a maluwa a ylang-ylang, ndipo ambiri amatchezedwa pa Ndzuani. Katchezedwe kake n'kofanana ndi ka kachasu, kungoti mphika wake ndi chimgolo chachitsulo: maluwa othyoledwa m'mamawa amathiridwamo ndi madzi, pansi moto, nthunzi n'kudutsa mupaipi yozizira, mafuta n'kumayandama pamwamba pa madzi odonthawo. Makilogalamu 100 a maluwa amatulutsa mafuta okwana ngati makilogalamu 2 okha, ndipo moto umayenera kuyaka maola ambirimbiri osazima. Nkhuni zake ndi mitengo ya pachilumba chomwecho. Mafutawo amakathera m'timabotolo ta perefyumu wodula ku Paris, ndipo amene amadzola sadziwa kuti kafungo kameneko kanadya mtengo. Achinyamata okwiya msanga anganene kuti atseke zonsezo. Atseke, ndiye mayi wothyola maluwa akadye chiyani? Amene anaganiza bwino anayang'ana ng'anjo. Ng'anjo yomangidwa mosataya moto imatcheza mafuta omwewo ndi nkhuni zochepa, ndipo mwini wake amailandira chifukwa nkhuni amachita kugula. Mmisiri wa njerwa amene anakonza ng'anjo yotere sanaonepo badanga mwina, koma wam'gwirira ntchito.

Mukafuna kudziwa kuya kwa umphawi umene mukulimbana nawo, yang'anani kunyanja. Makilomita 70 kuchokera pa Ndzuani pali chilumba cha Mayotte, chimene chinatsala m'manja mwa France. Chiyambire 1995, pamene France inakhazikitsa lamulo la viza, anthu amawoloka mozemba usiku m'timabwato totchedwa kwassa-kwassa, ndipo masauzande amira panjira imeneyo. Munthu amene wafika pokweza mwana wake m'kabwato kotere simungam'letse kudula mtengo ndi chikwangwani. Boma la Comoro linalengeza phiri la Ntringui kukhala malo otetezedwa, ndipo n'zabwino, koma mzere wojambulidwa pamapu unapeza minda ya anthu ili kale m'katimo. Mlonda mmodzi wovala yunifolomu sangalondere chigwa chilichonse, ndipo madzulo amabwerera kumudzi komweko kumene odula mitengowo ndi amalume ake.

Chimene chimandilimbitsa mtima chinachitikira kumunsi, kutali ndi kadzidzi. Kudera la Nyumakele, kumwera chakum'mawa kwa chilumbachi, kumene anthu ndi othithikana kwambiri ndipo nthaka inali itaguga, alimi anayamba kutchinga minda yawo ndi mipanda yamoyo, ya gliricidia ndi mitengo ina yophuka ukangozika nthambi. Zina anabweretsa ndi alangizi, koma alimi ndiwo anazisintha kuti zigwirizane ndi minda yawo, n'kumaonerana. M'kati mwa mpandamo amamangirira ng'ombe pachikhomo, kuidyetsa masamba a mpanda womwewo, ndowe n'kumagwera pomwepo. Amasuntha chikhomocho mpaka munda wonse walandira manyowa. Mpanda umagwira dothi kuti lisakokoloke, umapereka nkhuni, umaletsa mbuzi za mnansi. Munda umene unali utatopa umayambanso kubereka. Ambiri a inu gliricidia mumamudziwa, ali m'minda ya makolo anu. Mlimi amene munda wa pafupi ndi nyumba ukum'dyetsa alibe chifukwa chokwerera phiri kukatsegula wina. Ndowe ya ng'ombe yakumunsi imasunga mtengo wakumtunda. N'chifukwa chake ndimati amene akufuna kusamala mbalame asanyoze phunziro la ulimi. Adziwe kuthira manyowa, kusankha mbewu ya nthochi yosagwidwa matenda, kuwerengera mlimi phindu lake.

Musandimve molakwa. Si nthawi zonse pamene mlimi wokhuta amasiya nkhalango. Wina akapeza phindu amagula macheka, kapena kulemba aganyu oti akam'tsegulire munda wachiwiri. Apa ndi pamene pamafunika pangano. Bungwe la Dahari, limene linakhazikitsidwa mu 2013 kuchokera ku ntchito imene inayamba mothandizidwa ndi Bristol Zoo ndi bungwe la Durrell la ku Jersey, linayesa njira imeneyi poteteza mleme waukulu wodya zipatso, Pteropus livingstonii, umene unatchedwa dzina la Livingstone yemwe uja. Mleme umenewu ukatambasula mapiko umafika mamita 1.4, umapezeka pa Ndzuani ndi pachilumba cha Mwali pokha, ndipo mileme yotsala ikungopitirira pang'ono 1,000. Imagona m'magulu pamitengo yowerengeka yodziwika, ndipo malo ambiri amene mitengoyo yaima ali ndi eni ake. A bungwelo anapita kwa eni malowo mmodzimmodzi n'kupangana nawo: inu siyani mitengo iyi ndipo lolani mphukira zikule, ife tikuthandizani pa ulimi wanu. Mileme imamwaza njere za mitengo ya m'nkhalango, ndipo mapiri amene imagonamo ndi omwe aja a badanga. Pangano losainidwa chifukwa cha mleme limafunditsa ndi kadzidzi yemwe.

Kuti musaganize kuti kadzidzi aliyense wosowa amadzatulukiranso, mverani za Mauritius, chilumba china cha m'nyanja yomweyo. Nacho chinali ndi kadzidzi wakewake. Anthu ankamuonabe m'zaka za m'ma 1830, nkhalango ikugwa kuti pabzalidwe nzimbe, ndipo pofika 1859 ankanenedwa kale kuti anatha. Pazilumba za Réunion ndi Rodrigues panalinso akadzidzi awo, ndipo chimene chatsala ndi mafupa. Kumeneko mungafunse nkhalamba zonse, palibe adzakuyerekezereni kulira kwawo. Mbalame ya pamtunda waukulu nkhalango ikatha pano imasamukira phiri lina. Ya pachilumba ikafika m'mphepete imapeza madzi amchere. Ndipo nkhalango ikachepa kwambiri, ngakhale mphepo imakhala mdani. Mu April 2019 namondwe Kenneth anadutsa pazilumba za Comoro asanakagwere ku Cabo Delgado, n'kugwetsa mitengo ndi nyumba. Nkhalango yaikulu imapirira zotere, chifukwa chigwa china chikasakazika china chimatsala. Timagawo tochepa tomwazikana tingathe kugwa usiku umodzi.

Pali chinthu china chimene mbadwo wanu umachikonda, ndipo ndinena ngakhale mundikwiyire: tsiku lobzala mitengo. Mbande masauzande, alendo olemekezeka, malaya olembedwa, zithunzi pa Facebook. Kubzala n'kwabwino, makamaka mitengo ya nkhuni ndi zipatso pafupi ndi nyumba, imene imachepetsa maulendo a nkhwangwa kumtunda. Koma mbande yobzalidwa lero sidzakhala ndi mphako inu mudakali ndi mano onse, ndipo zambiri mwa mbandezo sizifika ndi chilimwe chachiwiri chomwe ngati palibe wozithirira. Ndalama zikachepa, ndipo zimachepa nthawi zonse, yambani ndi mtengo wakale umene udakaima. Pezani mwini wake. Chithunzi chake sichikoma, munthu ataima pafupi ndi mtengo umene sanaudule, koma m'mwamba mwake muli kale nyumba imene nazale iliyonse singakupatseni.

Mukadzafika pokhala naye pansi mwini mundayo, musadzapite ndi pepala lolembalemba kale. Yambani mwadziwa kuti malowo ndi a yani kwenikweni, chifukwa amene mwam'peza akulima nthawi zina ndi mkamwini kapena wobwereka, ndipo pangano lopanda mwini weniweni limatha tsiku limene iye wamva. Mkazi wa pakhomopo akhalepo, poti nkhuni ndi madzi amasenza ndi iye. Mufunseni mlimiyo kuti mtengowo akanaudula akanapeza zingati, ndipo nthochi zimene mthunzi ukuzilepheretsa ndi mikoko ingati. Zimene mukum'lonjeza zisachepere pamenepo. Yendani naye m'malire, mitengo muiwerengere limodzi, iye aziitchula maina ake. Musalonjeze zimene ndalama za chaka chimodzi sizingakwanitse, ndipo mumuuze poyera chaka chimene thandizo lidzathe ndi chimene chidzatsale m'manja mwake likadzatha. Wowerenga akadzidzi m'chigwa chimenecho akhale mwana wa m'mudzi momwemo, wophunzitsidwa ndi wolipidwa, kuti inu mukadzakwera ndege makutu atsale. Mbewu zimene munalonjeza zifike mvula isanagwe. Ndipo pepala la panganolo lilembedwe m'Chindzuani, chimene mwini munda amayankhula, osati m'Chifalansa chokha cha ku ofesi ya mumzinda wa Mutsamudu.